Mzuzu ikukula, koma akulipira ndani?

Sabata ino ndabwera ndi nkhani yoti ena mwa inu muipidwa nayo. Ipidwani ndithu, palibe mlandu, bola muwerenge mpaka pamapeto musanayambe kutola miyala.

Inu amene mumakhala mu Mzuzu muli ndi mawu amene mumawakonda kwambiri: "tauni yathu ikukula." Mumawanena monyadira mukamaona nyumba zatsopano zikukwera zitunda, magalimoto akuthinana pa Katoto. Ndipo simukunama. Kalembera wa 1977 anapeza anthu pafupifupi 16,000 mu Mzuzu. Mu 1998 anali pafupifupi 87,000, mu 2008 anafika 134,000, ndipo wa 2018 anapeza oposa 221,000. Malo amene anayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, n'kudzatchedwa mzinda mu 1985, lero akumeza midzi yowazungulira.

Funso langa ndi limodzi basi: anthu onsewa achokera kuti? Sikuti onse anabadwira pa St John's kapena pa Mapale ayi. Ambiri anatsika pa depoti ndi kachikwama m'manja akuchokera ku Euthini, ku Mpherembe, ku Kafukule, ku Usisya, ku Bolero, ku Nthalire. Aliyense wa iwo anasiya khasu pena pake, ndipo khasulo pali wina amene analitola: mayi ake, mkazi wake, kapena mwana wa sitandade 6. Ameneyo ndiye akulipira kukula kwa Mzuzu, ndipo palibe amamutchula pamene mukuomba m'manja.

Andale athu akafuna kutisangalatsa amatchula South Korea. Mwamvapo kangati kuti pamene tinkalandira ufulu mu 1964 anthu a ku Korea anali osauka ngati ife, koma lero akupanga Samsung ndi Hyundai? Amaikamba ngati nthano ya kalulu, yothera pabwino. Chigawo cha misozi amachidumpha dala, ndiye lekani ndikuuzeni.

Mu 1960 mzinda wa Seoul unali ndi anthu pafupifupi 2.4 miliyoni. Pofika 1990 anali atadutsa 10 miliyoni. Anthuwo anachokera m'minda ya mpunga. M'zaka za m'ma 1960 boma la Park Chung-hee linkaonetsetsa kuti mtengo wa mpunga ukhale wotsika, kuti wantchito wa m'fakitale adye motchipa, naye alipidwe motchipa, katundu wa Korea agulike kunja. Kunena kwina, mlimi ndiye ankalipirira fakitale. Atsikana a zaka 15 ndi 16 ankasiya midzi kukasoka zovala ku Guro ndi ku msika wa Pyeonghwa, kuyambira mmawa mpaka usiku, m'tizipinda todzaza fumbi, n'kumatumiza ndalama kwawo kuti alongo awo aamuna apite kusukulu. Pa 13 Novembala 1970 mnyamata wa zaka 22, Jeon Tae-il, wogwira ntchito yodula nsalu pamsika womwewo, anadziotcha ndi moto pofuna kuti lamulo la ntchito lizitsatidwa.

Boma litaona kuti midzi ikufa, chaka chomwecho cha 1970 linayambitsa ndondomeko yotukula midzi yotchedwa Saemaul Undong. Midzi yoposa 33,000 inalandira matumba a simenti oposa 300 mudzi uliwonse. Madenga a udzu anachoka, misewu ndi milatho zinamangidwa. Koma achinyamata anapitirizabe kunyamuka, chifukwa denga labwino silidyetsa munthu. Mu 1970 anthu a m'mabanja a alimi anali oposa 14 miliyoni. Lero ndi pafupifupi 2 miliyoni, ndipo oposa theka la iwo ndi a zaka 65 kupita m'tsogolo. Masukulu oposa 3,000 atsekedwa chifukwa ana kulibe, ambiri mwa iwo a kumidzi. Pakati pa zaka za m'ma 2000, mwa alimi ndi asodzi amene ankakwatira, oposa mmodzi mwa atatu alionse ankakatenga mkazi kunja, ku Vietnam, ku China kapena ku Philippines, popeza atsikana a m'mudzi anali atathera kutauni.

Umenewo ndiye mtengo umene Korea inalipira. Akulu anati walira mvula walira matope. Koma kwa anzathuwo matope anabwera ndi mvula yeniyeni: zitsulo ku Pohang, zombo ndi magalimoto ku Ulsan. Mwana wa mlimi akasiya munda ankapeza makina akumudikira. Komanso asanayambe zonsezi, mu 1950, anagawa malo. Eni minda ikuluikulu anailanditsa, banja limodzi linaloledwa mahekitala pafupifupi atatu basi, ndipo amene ankalima ngati matenanti anakhala eni nthaka. Mlimi wa ku Korea anavutika, inde, koma anali ndi chake chogulitsa kuti mwana aphunzire.

Tsopano bwererani kuno. Mnyamata wa ku Mzalangwe wamaliza Fomu 4, kapena walekezera Fomu 2 chifukwa cha fizi, watsika mu Mzuzu. Makina amene akumudikira ndi ati? Njinga ya sakaramento ya munthu wina, yoti madzulo akapereke ndalama kwa mwini wake kaya wanyamula anthu kaya sananyamule. Njinga yamoto ya kabaza. Mulu wa kaunjika ku Zigwagwa. Ulonda wa usiku. Kuumba njerwa m'dambo. Kukhala pansi pa ambulera kutumizira anthu ndalama za pafoni. Ntchito zonsezi n'zolemekezeka, ndipo amene akuzigwira ndi anthu olimba mtima kuposa ambiri a ife ogwira cholembera. Koma onetsetsani: palibe ngakhale imodzi imene ikupanga chinthu choti tikagulitse ku Mbeya kapena ku Lundazi. Ndi ndalama yomweyo ikuzungulira, kuchoka m'thumba la wosauka kulowa m'thumba la wosauka mnzake.

Yendani ku Luwinga kumene timati n'kwa mafakitale, muwerenge nokha malo opangira zinthu, kenaka muwerenge malo osungira katundu wochokera kwina. Mundiuze zimene mupeze. Kumbukiraninso Chikangawa. Mahekitala pafupifupi 53,000 a paini anadzalidwa pa Viphya ndi cholinga choti adzadyetse fakitale ya mapepala ku Chintheche. Fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo yambiri inatuluka ngati matabwa pamathiraki, moto unamaliza yotsala, ndipo m'madera ambiri mwatsala zitsa. Ana a m'midzi ya m'mbali mwa nkhalangoyo ananyamula matabwa pamutu kwa zaka, lero ali ndi chiyani? Tikulipira mtengo wa Korea, abale, koma katundu wake sitinalandire.

Nanga mnyamata uja akugona kuti? Kumene kuli lendi yotsika: m'zitsetse za ku Masasa, m'madambo a Salisbury Lines, ku Ching'ambo, ku Chibavi. Mzuzu ndi malo a mvula yambiri, ndipo mukukumbukira za Epulo 2016, pamene mvula inagwa masiku otsatizana, nyumba zambirimbiri zinagwa, anthu anafa, ena n'kukagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Amene anagweredwa makoma ambiri anali anthu omwewa, amene anathawa umphawi wa kumunda n'kudzapeza umphawi wolipira lendi.

Ndiye poti tauni ilibe chomupatsa, kwa ambiri Mzuzu ndi pokwerera basi chabe. Ulendo weniweni ndi wa ku Joni. Apa tisanamizane kuti ndi zachilendo. Chigawo chino chinaphunzitsidwa kutumiza amuna ake kunja kuyambira nthawi ya msonkho wa atsamunda, pamene munthu ankafunika ndalama ya msonkho koma kwawo kunalibe koipeza. Clements Kadalie wa ku Chifira, ku Nkhata Bay, amene anayambitsa bungwe lalikulu la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali mmodzi mwa onyamukawo. Mu 1935 komiti ya boma la atsamunda lomwelo inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland anali kunja, ndipo inachenjeza kuti midzi ndi mabanja zikuphwasuka. Mawu oti matchona anabadwa nthawi imeneyo. Kenaka Wenela, mpaka ndege inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, Kamuzu n'kuimitsa kulemba anthu. Kenaka Teba, mpaka 1988. Lero kulibe Wenela, kulibe kontirakiti, aliyense amadzionera yekha: pasipoti, ngongole ya ulendo, ntchito ya m'munda wa maluwa kapena m'nyumba ya munthu, kuthawa apolisi, mwina kukathera ku Lindela. Mu 2015 boma linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu amene ankathamangitsidwa ngati agalu. Zaka zoposa 100 tikugulitsa katundu mmodzi yemweyo, ndiye mwana wa munthu.

Tsopano tiyeni kukaya, monga timanenera kuno, mukaone chimene chatsala. Mupeza gogo wa zaka 70 ali ndi adzukulu asanu, makolo awo ali ku Mchengautuwa, ku Lilongwe, ku Cape Town. Gogoyo ndiye mlimi, ndiye namwino, ndiye wopita kumsonkhano wa makolo kusukulu. Munda umene unkalimidwa ndi anthu asanu ndi mmodzi akulima ndi awiri, mizere ikupangidwa mochedwa, kupalira kukuchedwa, ndipo aliyense amene anagwirapo khasu akudziwa kuti chimanga chopalira mochedwa sichikhululuka. Pofika Januwale nkhokwe yagona. Mwana wa zaka 12 wajomba kusukulu kupita kuganyu. Mtsikana wa zaka 15, wopanda womuyang'anira, wapatsidwa mimba ndi mnyamata amene wabwera pa Khirisimasi ndi foni yonyezimira, ndipo pofika Febuluwale mnyamatayo wabwerera.

Mupezanso mkazi wa munthu wa ku Joni. Ku Mzimba ndi ku Rumphi mkazi amalowoledwa n'kukakhala kwa mwamuna. Ndiye taganizani mtsikana wa zaka 22 amene mwamuna wake anachoka ukwati uli ndi miyezi isanu ndi itatu. Akukhala pakati pa apongozi ndi alamu. Munda si wake, nyumba si yake. Ndalama ikabwera nthawi zambiri imafikira kwa apongozi kapena kwa mlamu. Akachedwa kuchigayo nkhani yafika kale ku Johannesburg pa WhatsApp. Akamva kuti mwamuna ali ndi mkazi wina kumeneko akuuzidwa kuti apirire, banja ndi kupirira. Zaka zinayi, zisanu. Ena amuna awo amabwera ndi matenda, ena amabwera m'bokosi pangolo yokokedwa ndi galimoto, ena sabwera n'komwe. Mayi ameneyu mulibe m'malipoti a chitukuko.

Ndikudziwa chimene mukufuna kundiyankha. Mukuti ndalama za ku Joni zamanga nyumba za malata, zagula zigayo ndi ng'ombe, zalipira fizi. Zoona, ndipo wotsutsa zimenezi sanafike ku Mzimba. Palibe amene ali ndi ufulu wouza mnyamata kuti akhale pamudzi adzifa ndi njala kuti ife tizisangalala ndi chikhalidwe. Koma yang'anitsitsani nyumba zokongolazo. Zambiri n'zokhoma, makatani otseka, udzu pakhonde. Ndalama ikumanga makoma, mudzi ukutha. Korea inayesa simenti ndi madenga, ifenso tinayesa ndi pulogalamu ya malata ndi simenti yotchipa imene inayamba mu 2014, koma chimene chimasunga munthu pamudzi ndi chakuti thukuta lake lizimulipira pomwepo.

Apa ndi pamene ndimapsa mtima ndi nyimbo ija yoti achinyamata a masiku ano ndi aulesi, sakonda ulimi, akufuna za ulere. Amaimba ndani? Anthu a mataye amene ana awo sadziwa kusiyanitsa khasu ndi nkhwangwa. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Thumba la feteleza linadutsa K100,000. Feteleza wotchipa wa boma safika kwa aliyense, ndipo akafika nthawi zina chimanga chili kale m'mawondo. Admarc, imene makolo athu ankadalira, inatsekedwa mu 2022 kuti ikonzedwenso, antchito n'kuchotsedwa, ndipo ngakhale isanatsekedwe inkafika pamsika mochedwa, mavenda atasesa kale ndi masikelo awo. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma venda amene wafika pakhomo mu Epulo, mwana akudwala, sawerenga chikalata cha unduna. Ku Jenda tomato amaolera m'mbali mwa msewu wa M1 nthawi imene wachuluka, pamene m'mashopu muli tomato wa m'mabotolo wochokera kunja. Nthochi za ku Nkhata Bay zinatha ndi matenda a chisaka. Msewu wa Rumphi kudzera ku Nyika ndi Nthalire mpaka Chitipa walonjezedwa ndi maboma angapo, mlimi wa nyemba ndi khofi akudikirabe. Mwana amene waona bambo ake akulima zaka 30 n'kukalamba opanda nsapato yachiwiri, akathawa munda ndiye kuti amadziwa masamu.

Umboni ulipo. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 anakwera ndege kupita ku Israel, dziko lili pankhondo, kukagwira ntchito yanji? Ya kumunda. Enanso ambirimbiri anathamangira kukalembetsa. Munthu waulesi sapita kukathyola zipatso kumene kukugwa mabomba. Ana athu sadana ndi nthaka. Amadana ndi kulima ulere.

Tsopano ndibwere kwa inu, owerenga, chifukwa boma n'losavuta kulitukwana. Thumba la chimanga limene limatsika pa depoti mwezi wa Juni lolembedwa dzina lanu, analima ndani, ndipo munalipira zingati? Mumati ndi za kwathu, ngati zinamera zokha. Kamtsikana kamene kamadzuka folo koloko m'nyumba mwanu kukoleza mbaula, kamene munakatenga kumudzi mutalonjeza makolo ake kuti mukakaphunzitsa, kali sitandade chani chaka chino? Malamulo a dziko lino kuyambira 2017 amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Mayi amene wayenda wapansi kuchokera ku Lusangazi ndi dengu la masamba pamutu mumamunenerera mpaka atsitse K200, koma mushopu yaikulu mumalipira mwakachetechete, n'kunena zikomo. Makala amene mukuphikira ndi nkhalango ya mudzi wa munthu. Ena mwa inu mwagula malo ku Dunduzu ndi ku Ekwendeni kwa banja limene linali pamavuto, pamtengo woti simungaunene pagulu, mwaika mpanda, ndipo ana a banjalo ndi omwe akukupalasani panjinga.

Ndiye mudzi umalandira chiyani kuchokera kwa inu? Odwala amene tauni yawatafuna n'kuwalavula. Ana amasiye. Ndi maliro. Mumabwera ndi mabasi awiri, mipando ya pulasitiki ndi madzi a m'mabotolo, mumadandaula kuti manda achedwa kukumbidwa, osadzifunsa kuti akumbe ndani poti anyamata onse ali kumene mwachokera inuko. Mwambo ukatha mumanyamula nkhuku, mawungu ndi ufa, fumbi kobo, ulendo. Mudzi mwausandutsa nkhokwe ndi manda.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, ali ndi nsanamira zitatu: ulimi wa phindu, mafakitale, ndi kukula kwa mizinda. Papepala n'zokoma. Koma nsanamira yachitatuyo ikudzimanga yokha, yopanda pulani, pamene ziwiri zoyambazo zikadali m'misonkhano ya kunyanja. Mzinda wokula popanda mafakitale, pamwamba pa ulimi wosalipira, ndi msasa wa anthu othawa kwawo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse akadali kumidzi. Ndiye kuti chigumula chenicheni sichinafike. Tikadali ndi nthawi, koma chakudza sichiimba ng'oma.

Sindikunena kuti anthu atsekeredwe kumudzi, kapena kuti khonsolo izithamangitsa mavenda ndi zibonga ngati kuti umphawi umathawa chikwapu. Ndikunena kuti munthu azichoka kwawo chifukwa wafuna, osati chifukwa wathamangitsidwa ndi mtengo wa feteleza. Ndipo chitsanzo chili pakhomo pomwe pano. Alimi ang'onoang'ono a khofi a ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya ndi m'mapiri a Nkhata Bay anagwirizana m'makopaletivi, khofi wawo amakonzedwa, kukazingidwa ndi kupakidwa, ndipo dzina la Mzuzu limadziwika kunja chifukwa cha iwo. Ali ndi mavuto awo, koma anatisonyeza kuti mbewu ikhoza kuchoka m'manja mwa mlimi ili ndi mtengo. Chikuletsa n'chiyani kuti zomwezo zichitike ndi tomato wa ku Jenda, mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, chinangwa cha ku Nkhata Bay, soya ndi mtedza wa ku Mzimba? Fakitale imene Mzuzu ikufunika ndi imene imagula kwa mlimi wa m'chigawo chino n'kulemba ntchito mwana wake.

Choncho phungu wanu akadzabwera ndi mabokosi a maliro ndi mayunifolomu a mpira, mufunseni za msika wa mbewu, za msewu wa kumunda, za mlangizi amene mudzi wanu unamuona komaliza zaka zisanu zapitazo, za magetsi a pa trading centre. Ndipo musanafunse phungu, yambani m'nyumba mwanu. Chimanga cha kwanu muzilipira pamtengo wa pamsika. Mtsikana uja abwerere m'kalasi temu ikubwerayi. Ndalama imene mumatumiza kwa mlamu wanu, itumizeni m'manja mwa mayi amene akulera anawo.

Inunso olemba a m'gulu lino muli ndi ngongole. Ndakatulo za mudzi wokongola, mwezi ukuwala, agogo akusimba nthano pamoto, zakwana. Agogowo atopa, msana ukuwawa, ndipo pamotopo palibe wowamvera chifukwa adzukulu agona ndi njala. Lembani zimenezo. Lembani za mkazi wa ku Kafukule amene akudikira foni chaka chachisanu. Anthu a ku Korea anazindikira mtengo wa chitukuko chawo masukulu a kumidzi atatsekedwa kale, koma iwo anatsala ndi mafakitale odzitonthozera. Ife tikapitiriza chonchi tidzatsala ndi midzi ya nkhalamba ndi tauni ya njinga.

Amene mukuona kuti ndanama, bwalo ndi lanu. Koma poyankha mutiuze kaye kuti munda wa kwanu chaka chino walima ndani.